Vaneti ya aNambewe Inakana Kulira Kawiri

Loweruka lapitali tinali kumanda, kuvundukula chiliza cha amayi aakulu, aNambewe, patatha chaka chimwalirireni. Amene anasankha tsikulo sanaganize bwino. Tinakhala pamabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, manja pamiyendo, kumvera ulaliki ndi nyimbo, ndipo ine thupi lonse linkangondinyerenyetsa. Ndinaimirira katatu popanda chifukwa. Eni chilizawo akanationa titakhala chonchija pa Loweruka, akanatigawira matsache mmodzimmodzi, kuyambira abusa.

ANambewe anali akulu awo a mayi anga ondibereka. Ankakhala pa boma la Chadiza, kuseri kwa msika, m'nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga ndi amuna awo, malemu aTembo. Pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwa nyumbayo, pankaima vaneti yoyera, yokalamba, imene inkanyamula chimanga ndi mtedza wa anthu kuchokera ku Pembamoyo ndi ku Zingalume. Pakhomo ponsepo ankadya chifukwa cha galimoto imeneyo. Abale anafuna kuilanda kawiri. Ulendo wachiwiriwo ndinalipo, ndipo ndisabise, ndinali patsogolo.

Munthu wogona kwa aNambewe Lachisanu ankadziwa kuti wadziputira yekha. Kukangocha mazenera onse anali atatsegulidwa kale, ndipo bulangete ankalisolola iwe ukadali m'kati mwake. Matilesi panja, padzuwa. Mipando panja. Wina kumapoto ndi phulusa ndi mchenga, wina ndi tsache lomangirira kunsungwi kuchotsa akangaude kudenga, wina chogwada pakhonde ndi polishi yofiira. Iwo ankangozungulira, kuyamba ichi, kuchisiya, kuthamangira icho, kubwereranso kudzakulanda tsache kuti sukusesa bwino m'makona. Sindinawaonepo atamaliza kapu ya tiyi ali chikhalire. Ankamwa choimirira, n'kuiwala kapuyo pazenera, kenako n'kuyamba kukalipa kuti ndani wasiya kapu pazenera.

Koma chimene tinkaopa kwambiri chinali mulu. Pafupi ndi geti panali mwala waukulu wathyathyathya, ndipo Loweruka lililonse pamwalapo pankaunjikidwa zinthu zimene iwo aweruza kuti zatha ntchito m'nyumba. Lamulo lawo linali lakuti chinthu chikaona mvula kuyamba mpaka kutha popanda munthu kuchigwira, ndiye kuti chatsanzika. Zoola zinkapita kudzala, mapepala pamoto, zabwinobwino pamwala kuti wodutsa atole. Anthu ankadziwa, moti ena ankadzera njira imeneyo dala popita kumsika. Nsapato zanga za ukwati, zimene ndinawasungitsa chifukwa kwanga kunali chiswe, ndinakumana nazo zitavalidwa ndi bambo wogulitsa makala. Ndinathamangira kwa aNambewe.

"Amayi, nsapato zanga zija ndaziona kumsika!"

"Ukufuna kukwatiranso?"

"Ayi."

"Nanga ukulira chiyani? Mnzako uja akuyendera, iwe unkangodyetsa nkhungu."

Ankakonda kunena kuti katundu wongokhala amaitana makoswe, ndipo makoswe ena amabwera ndi miyendo iwiri atanyamula masaka opanda kanthu. Ife tinkangoti ndi ukali wa ukalamba, ngakhale tonse tinkadziwa kumene mawuwo anachokera.

Nyumba ikayera, inkafika nthawi ya vaneti. Ankavala ovololo ya malemu amuna awo n'kumanga chitenje pamwamba. Amayi anzawo a chigwirizano anabwerapo kudzawadandaulira kuti buluku pa mayi wa mpingo n'chinthu chonyazitsa. Iwo anangowafunsa ngati angakonde kuti azigona chagada pansi pa galimoto ndi chitenje chokha, amuna a kumsika akudutsa. Alendowo anamwa tiyi n'kutsanzika, ndipo nkhaniyo sinabwererenso.

Ankayamba ndi oyilo: kusolola kachitsulo koyezera, kupukuta, kubwezera, kusololanso, n'kuyang'ana padzuwa ngati wada. Kenako madzi a mu redieta. Mapulagi anayi aja ankawamasula limodzilimodzi, kuwapala mwaye ndi kawaya, kuwatsuka ndi petulo m'kachitini. Matayala ankawapopa ndi pampu yopondera ndi phazi, akuwerenga chamumtima, ndipo ukawayankhulitsa ankayambiranso. Mu batire sankathiramo madzi a pampopi kapena a pachitsime. Ankafuna a mvula, koma osati otsika padenga, chifukwa malata ali ndi dzimbiri, komanso osati a mvula yoyamba, chifukwa imeneyo imatsuka fumbi la m'mwamba. Ankatchera beseni la pulasitiki pakati pa bwalo, n'kusefera madziwo m'mabotolo. Mabotolo amenewo okha ndiwo ankaloledwa kukhalitsa m'nyumba osapita pamwala.

Zonsezi anaziphunzira kwa aTembo, omwe anagwira ntchito ya udalaivala m'boma mpaka kupuma, n'kugula vanetiyo. Kwa zaka zambiri Loweruka lililonse ankawagwirira sipanala akukangana, ndipo kuyendetsa anaphunzirira pabwalo la mpira, ana a sukulu akuthawa.

ATembo anamwalira chaka chija boma linasintha. M'mawa wa tsiku losesa, anthu a maliro asanabalalike n'komwe, abale awo anafika ndi ngolo ziwiri. Anatenga bedi, mipando, wailesi, mbale, makatani, ngakhale makina osokera amene aNambewe anagula okha ndi mtedza wa m'munda mwawo. Nyumba anaisiya chifukwa sakanaisenza. ANambewe anakhala pamphasa pakhonde ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Yohane, mutu uli pansi, akungowalekerera, zimene zinadabwitsa aliyense wowadziwa.

Pomaliza mlamu wawo wamkulu anaitanitsa makiyi. Anakwera, anapotokola, injini inangozungulira osagwira. Anapotokolanso. Anaitana amuna kuti akankhe. Anakankha kutsetserekera kumsika, anabwerera nayo, anatsetserekanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Ena anayamba kunong'onezana kuti mwini wake wakana kumanda komweko. Mlamu uja analavula malovu, nati chitsulochi chafa pamodzi ndi mwini wake. Anachotsa batire ndi tayala lapadera, anakweza pangolo, n'kumapita.

Nthawi yonseyi dzanja la aNambewe linali pa mfundo ya chitenje chawo. M'mfundomo munali kachipangizo kakuda, kakang'ono ngati chala chachikulu, kotchedwa rota, kamene kamagawira moto kumapulagi. Popanda iko galimoto siingalire ngakhale muikankhe mpaka ku Chipata. Anakachotsa m'mawa womwewo, anthu akuganiza kuti apita kuseri. Patatha mwezi anabwereka batire, anabwezeretsa rota ija, ndipo vaneti inalira kamodzi n'kamodzi. Chaka chotsatira, cha njala ya chimanga chachikasu, ambiri a ife tinapulumukira pa vaneti yomweyo.

Nkhani ya rota inkakambidwa pa ukwati uliwonse wa pabanja pathu, ndipo ine ndinkaseka kuposa onse. Eni ake sankaseka. Anandiuza tsiku lina kuti chimene anaphunzira m'mawa umene uja n'chakuti nyumba yopanda kanthu imasesedwa msanga, ndipo mwini wake saopa kugogoda kwa munthu. Mulu wa pamwala unayamba chaka chimenecho.

Yohane anakwatira Esinati, mtsikana wa ku Zingalume, n'kumubweretsa pakhomo ngati mtengwa. Esinati anali wodekha, wosayankhulayankhula, ndiponso wokonda kusunga zinthu: zitini, timabotolo, nsanza za zitenje, zingwe za masaka. Munthu wotere kumuika nyumba imodzi ndi aNambewe kunali kuputa nkhondo. Apongozi akataya pamwala, iye ankatola mwakachetechete n'kukabisa kuseri kwa khitchini, ndipo Loweruka lotsatira zinkabwereranso pamwala. Chitini china cha mkaka chinayenda ulendo umenewu chaka chathunthu. ANambewe ankadandaula kwa aliyense kuti mwana wawo anakwatira nkhokwe.

Kenako Yohane anadwala nthawi yaitali n'kumwalira, kusiya ana awiri, Mwayi ndi mng'ono wake. Loweruka lotsatira maliro, aNambewe anatulutsa matilesi monga mwa masiku onse, anasesa, anapopa matayala, misozi ikugwera pa pampu. Palibe analimba mtima kuwaletsa. Tonse tinkayembekezera kuti Esinati asudzulidwa abwerere kwawo, makamaka poona mmene awiriwo ankakanganirana. ANambewe anakana. M'malo mwake anamuveka ovololo.

Ife tinkati ndi nkhanza. Mkazi woferedwa, m'malo momusiya alire, akumugoneka pafumbi pansi pa galimoto! Loweruka lina ndinafika nditavala buluku lositidwa bwino, popeza ndine mphunzitsi, ndipo ndinawapeza ataweramira mu injini onse awiri.

"Amake Mwayi, pulagi imeneyo mwaimanga ngati mukupotokola khosi la nkhuku. Masulani."

"Ndamanga monga munanenera, amayi."

"Ndinati ndi zala kaye, sipanala pambuyo. Masulani, muyambirenso."

Esinati anamasula, maso ali ofiira, manja ali bii ndi oyilo. Ine chifundo chinandigwira, kapena ndinene kuti ndinaona mpata.

"Amayi, musiyeni mlamu wanga apume. Iyi ndi ntchito ya amuna. Ine ndilipo."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala.

"Ulipo? Chabwino. Lowa pansipo, utsate payipi ya petulo mpaka kuthanki, uone ngati ikudontha."

Ndinayang'ana fumbi, ndinayang'ana buluku langa, ndipo ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti ndili ndi msonkhano kusukulu. Sanandikalipire. Anangotembenuka n'kuuza Esinati kuti alowe iyeyo, ndipo ndikutuluka pageti ndinaona mapazi ake okha akusuzumira pansi pa vaneti.

Matenda atawagwira aNambewe, miyendo n'kutupa, anavuta anamwino kuposa wodwala wina aliyense. Anawagoneka kuchipatala Lachitatu, Loweruka m'mawa anapezeka ali kunyumba, atakhala pampando pansi pa mango, akugogoda boneti ndi ndodo n'kumalamula. Esinati ndiye ankayendetsa tsopano, ndipo akabwera ku Pembamoyo ankafunsidwa ngati wapalamula: bwanji matope awa, wadutsa pati, kodi wamva kaphokoso kakumanzereko? Mulu wa pamwala unakula miyezi imeneyo. Panapita madilesi awo, masutikesi, nyale, mpando wachiwiri, mpaka kabati. Ukawafunsa ankati sakufuna kuti anthu adzatuluke thukuta pamaliro awo.

Anaitanitsanso aSakala, mkulu wa mpingo, n'kuwauza kuti vaneti ndi ya Esinati ndi ana a Yohane. Mawuwa atafika kwa mchimwene wawo, atsibweni athu aMbewe, iwo anangoti wodwala amayankhula zambiri. Kwa iwo nkhani inali yosavuta. Mtengwa amene mwamuna wake anapita kale alibe gawo pa chuma cha mbumba yathu, ndipo galimoto iyenera kupita kwa mwana wa m'banjamo wodziwa kuyendetsa. Mwanayo ndinali ine. Sindinakane. Ndinachita choposa pamenepo, ndipo ndikachikumbuka nkhope imanditentha: amayi aakulu akadali moyo pabedi, ndinakwera minibasi kupita ku Chipata n'kukagula rota yatsopano. Ndinkadziona wochenjera kwabasi.

Amayi aakulu anamwalira Lachinayi, tinaika Lachisanu, ndipo tsiku losesa linagwera pa Loweruka. Kugawa katundu sikunatenge nthawi yowiritsa madzi a tiyi. Panali bedi, mphasa, mapoto awiri, Baibulo ndi mabotolo a madzi a mvula. Azibale amene anabwera ndi masaka anawapinda mwamanyazi n'kuwakhalira. Maso onse anatembenukira pansi pa mango.

Atsibweni anauza Esinati kuti apereke makiyi. Anandipatsa ndi manja awiri, atagwada. Ndinatsegula boneti, ndinavundukula pamene mawaya a mapulagi amakumana, ndipo monga ndinkayembekezera, rota panalibe. Ndinaseka mokweza kuti onse amve.

"Amayi aakulu ankayesa ife ndi a kwa Tembo," ndinatero, n'kutulutsa yanga m'thumba.

Vaneti inalira. Azibale anaomba m'manja. Ndinalowetsa giya, ndinachoka pamtengo, ndinadutsa geti dzanja lili panja, ndipo nditangofika pamsewu inatsokomola kawiri n'kuzima. Ndinapotokola kiyi mpaka batire inafooka. Basi, tinayamba kukankha, amuna asanu ndi mmodzi, kutsetserekera kumsika, kubwerera, kutsetserekanso. Malaya anamatirira kumsana. Anthu anasiya malonda awo n'kuima m'mbali mwa msewu. Mayi wina wachikulire wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Abale, si galimoto yomwe ija iyi? Yayambanso?" Msika wonse unaseka, ndipo ndinazindikira kuti pa boma ponse palibe anaiwala za ngolo ziwiri zija.

Titaibweza pageti kachitatu, aSakala anayandikira atsibweni, omwe anali atatsamira galimoto akupumira m'mwamba.

"AMbewe, malemu anatchula munthu. Bwanji ayeseko iyeyo?"

"Ayese! Amuna asanu ndi mmodzi talephera. Akailiza atenge, apite nayo kwawoko."

Esinati anali pakhonde ndi amayi ena. Sananyamuke.

"Pepani atsibweni, ndili patali, sindinamve bwino."

"Ndati mukailiza ndi yanu!" anakuwa atsibweni, ndipo anamva ndi a kumsika omwe.

Esinati analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala ovololo ija, chitenje pamwamba. Nditangoiona ovololoyo ndinadziwa kuti zanga zada. Anagona chagada pafumbi n'kulowa pansi pa vaneti mpaka kutsala mapazi okha. Pa payipi ya petulo, pafupi ndi thanki, panali kampopi kakang'ono kamene aNambewe anaikitsa kalekale, ndipo ankakatseka galimoto ikangoima. Ine ndinayenda ndi tipetulo totsalira mu injini, n'chifukwa chake inandifikitsa pamsewu pokha. Inali payipi yomwe ija anandituma kuti ndiitsate, ine n'kuthawira kumsonkhano wabodza.

Esinati anatsegula kampopiko n'kutuluka, fumbi lili kumsana. Anachotsa rota yanga, anamasula mfundo ya chitenje chake, n'kuikamo yakale. Anadonthezera petulo pang'ono mu kabuleta, anatseka boneti, ndipo anabwera kwa ine ndi manja awiri monga poyamba.

"Sungani, alamu. Mwina mudzagula yanu."

Anakwera. Batire tinali titaipha ife tomwe, choncho anasuzumira pazenera.

"Alamu, atsibweni, kankhaniko pang'ono."

Tikanatani, anthu onse aja akuyang'ana? Tinakankha. Sitinafike n'komwe pamtengo wachiwiri wa m'mbali mwa msewu. Vaneti inagwedezeka, inalira, n'kutichoka m'manja, ife n'kutsala m'fumbi mikono ikadali yotambasula. Amayi a chigwirizano, omwe aja ankadana ndi ovololo, ndiwo anayamba nthungululu, pamaliro pomwepo.

Mawa lake Esinati anakweza ana ake, mabotolo a madzi a mvula ndi zitini zake zonse, n'kupita ku Zingalume. Ndinakwiya milungu ingapo. Ndinkati amayi aakulu anandichititsa manyazi dala. Kenako mkwiyo unatha, manyazi okha n'kutsala, chifukwa ndinaona kuti sanandibisire kanthu. Anandiuza poyera kuti ndilowe pansipo, ine ndinasankha buluku. Tsopano ndimangowasowa, ndipo Loweruka likafika sinditha kukhala pansi. Vanetiyo ikuyendabe, ikunyamula mtedza, ndipo ana a Yohane ali pasukulu. Kuchiliza kuja Esinati anabwera nayo itadzaza anthu kumbuyo, yotsukidwa mpaka matayala.

Nyumba ija ili m'manja mwa atsibweni. Zipinda zadzaza kale ndi masaka, njinga zakufa ndi mipando yothyoka, ndipo akangaude abwerera kudenga. Koma pansi pa mtengo wa mango palibe amene amaikapo kanthu. Pali tinjira tiwiri ta matayala tolowera kugeti, banga lakuda la oyilo pamene udzu ukukana kumera, ndi msomali pathunthu la mtengo pamene ankapachika ovololo. Titachoka kumanda ndinadzerako, ndinabwereka tsache, ndinasesa masamba onse mpaka tinjira tija tinaonekanso.

Rota yanga inali itaona mvula kuyamba mpaka kutha ili m'kabati, osagwiridwa. Tsikulo ndinali nditainyamula, ndipo ndinaitulutsa m'thumba n'kuiika pamwala wa pageti. Dzulo ndinadutsako popita kumsika. Ikadali pomwepo, palibe watola.